Akuti ndisaine kaye kalata yosiya ntchito ndiye andipatse ndalama zanga

Nachisale
Abale anga, ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Ndagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono kwa zaka 6, ndimasunga katundu ndi kulemba zolowa ndi zotuluka. Lachisanu madzulo ndinalandira meseji pa WhatsApp yochokera kwa abwana yoti Lolemba ndisabwerenso, ntchito yatha. Chifukwa sananene. Nditawaimbira anangoti "mukudziwa nokha" n'kudula foni. Dzulo ndinapita kukafunsa za ndalama zanga, ndiye akalaliki anandipatsa pepala lolembedwa kale lonena kuti ine ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga, komanso kuti palibenso china chimene ndidzafune kwa kampani. Akuti ndikasaina andipatsa pompo malipiro a mwezi uno ndi a mwezi wina umodzi, ndikapanda kusaina ndizidikira. Sindinasaine, ndinati ndikaganize kaye. Kontirakiti sitinalemberanepo chiyambire. Ndipange bwanji?

Mlonda Wopuma
Mwana wanga, sainani mutenge ndalamazo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndinathamangitsana ndi kampani ina zaka zitatu mpaka nsapato kutha. Lero loya wadwala, mawa fayilo sikuoneka, mkuja woweruza ali pa tchuthi. Pomwe chigamulo chimatuluka n'kuti kampaniyo itatseka, eni ake atatsegula ina ya dzina lina. Ndinapambana, koma papepala basi.

Wa Yuniyoni
Agogo pepani, apa ndikutsutsani ndi ulemu wonse. Achemwali, pepala limenelo musaliyandikire. Taganizani: munthu wakuchotsani kale, nanga kalata yoti mwasiya nokha akuifuniranji? Akudziwa kuti alakwitsa ndipo akufuna kufufuta mapazi awo ndi dzanja lanu. Malipiro a masiku amene mwagwira kale ndi anu, si mphatso, sangakugulitseni chinthu chanu chomwe.

Make Awiri
Meseji ya Lachisanuyo ijambuleni sikirinishoti pompano. Anthuwa amafufuta. Muitumizenso kwa munthu wina woti aisunge.

Nachisale
Ndajambula amayi, zikomo. Koma popanda kontirakiti adzandimvera ndani? Akhoza kungonena kuti ndinali waganyu.

Nangozo
Ndinagwirapo ntchito ya mkhalapakati pa mikangano ya pantchito kwa nthawi ndithu, ndiye ndiloleni ndiyale pang'ono. Choyamba ndinene kuti malamulo a ntchito amasiyana dziko ndi dziko, choncho zimene ndinene muziyerekeze ndi lamulo la komwe muli.

Kusowa kwa pepala sikutanthauza kuti panalibe mgwirizano. Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu, vuto lake n'lakuti umafuna umboni wambiri. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe likulu lake lili ku Geneva, mu 2006 linatulutsa malangizo nambala 198 okhudza nkhani yomweyi, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti poona ngati munthu ndi wolembedwa ntchito, tiyang'ane zimene zinkachitika tsiku ndi tsiku, osati dzina limene abwana apereka. Ankakuuzani nthawi yofika ndi yoweruka ndani? Zipangizo zinali za yani? Munkalandira malipiro mwezi ndi mwezi? Mukanatha kutuma mng'ono wanu kuti akagwire m'malo mwanu tsiku lomwe mwatopa? Munthu amene kwa zaka 6 amafika m'mawa uliwonse pamalo amodzi, pansi pa bwana mmodzi, n'kovuta kumutcha waganyu.

Ndiye sonkhanitsani chilichonse: mapesilipi ngati alipo, mameseji a banki kapena a ndalama za pafoni osonyeza malipiro, chiphaso cha kuntchito, yunifomu, zithunzi, mameseji omwe ankakutumani, mayina a anzanu amene angaikire umboni. Ngakhale kope lomwe munkalemba katundu, ngati lili ndi zolemba za dzanja lanu, litchuleni kuti lilipo. Koma musatenge katundu kapena mabuku a kampani mozemba, mungawapatse chifukwa chomwe pakadali pano alibe.

Wophunzira Malamulo
Kuwonjezera pa zimene anena amayi Nangozo, nkhani ya "si wantchito wathu" yafika mpaka m'makhoti akuluakulu. Mu February 2021 khoti lalikulu kwambiri ku United Kingdom linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani ya matakisi oitanitsa pafoni, sanali odzilemba okha ntchito monga kampaniyo inkanenera, ndipo ayenera kulandira malipiro osachepera mlingo wa boma komanso tchuthi cholipidwa. Oweruza anayang'ana yemwe ankalamulira mitengo ndi kagwiridwe ka ntchito, sanatengeke ndi zomwe zinalembedwa pa mgwirizano.

Ndipo pa kuchotsedwa kwenikweniko pali pangano la ILO nambala 158 la mu 1982. Ndime 4 imati pakhale chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la munthu, kulephera kwake ntchito, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani. Ndime 7 imati munthu asachotsedwe pa chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ndime 8 imamupatsa ufulu wokadandaula kwa wina wosakondera.

Mlonda Wopuma
Mwana wasukulu wayamba kutiwerengera mandime ngati tili pa ulaliki. Geneva ili kutali mwanawe. Abwana a Nachisale pangano 158 analimvapo?

Wophunzira Malamulo
Hahaha agogo mwandigwira. Zoona, pangano limamanga dziko lomwe lalivomereza, ndipo 158 si mayiko onse analivomereza. Ku United States mwachitsanzo, pafupifupi m'zigawo zonse bwana akhoza kuchotsa munthu popanda kupereka chifukwa, bola chisakhale chifukwa choletsedwa monga tsankho. Koma m'mayiko ambiri mfundo ziwirizi, chifukwa chomveka ndi kumva mbali ya munthu, zinalowa kale m'malamulo awo a ntchito. Ndiye sikuti ukupita kwa abwana ndi buku la ku Geneva, ukupita ndi lamulo la kwanu lomwe.

Bwana Wamng'ono
Ndiyankhuleko monga wolemba anthu ntchito, musandigende. Ndili ndi antchito 9 okha. Tisathamangire kuweruza tisanamve mbali inayo, mwina katundu wina anasowa. Ife a mabizinesi ang'onoang'ono tilibe ofesi yoona za antchito kapena loya, ndipo wantchito mmodzi wakuba akhoza kukugwetsa. Komabe ndivomereze, kuchotsa munthu wa zaka 6 pa meseji n'kulakwa. Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinachotsapo mnyamata yemwe ndinamugwira ndi maso angawa akuba, koma chifukwa sindinamuitane kuti afotokoze mbali yake, sindinalembe kalikonse, ndinamulipira ine chipukuta misozi. Zinandiwawa mwezi wonse. Pano munthu akalakwa ndimamulembera mlandu wake, ndimamupatsa tsiku, amabwera ndi mnzake, timalemba zokambirana, kenako chiganizo.

Nachisale
Bambo, palibe chinasowa. Tinawerengera katundu kumapeto kwa mwezi watha, zonse zinali bwino, abwana anasainira okha.

Wa Yuniyoni
Mwamva a Bwana Wamng'ono? Ndipo ngakhale chikanasowa, njira ndi imene mwafotokoza nokhayo. Mlandu umayamba wamveka, chilango pambuyo.

Make Awiri
Achemwali ndikufunseni, ndipo ngati simukufuna kuyankha pagulu musayankhe. Palibe chimene chinachitika masabata apitawa? Kukangana, kupempha kukwezedwa malipiro, kudwala, kapena abwanawo kukufunsirani inu n'kukana? "Mukudziwa nokha" ameneyo akundikayikitsa.

Nachisale
Mmm. Ndimafuna ndisanene koma poti mwafunsa. Ndine woyembekezera, miyezi inayi. Masabata awiri apitawo ndinawauza abwana chifukwa ndinkapempha kuti ndizipita ku sikelo komanso kuti makatoni olemera azinyamula anyamata. Anangoti "chabwino" nkhope itagwa. Ndinawauza pa meseji, ndipo ilipo.

Make Awiri
Eeh! Ndinadziwa ine. Zinandichitikirapo pa mimba ya mwana wanga woyamba, ndipo ndinasaina ngati chitsiru. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandipweteka.

Nangozo
Apa ndiye nkhani yasintha nkhope. Poyamba timakamba za kuchotsedwa popanda kutsata ndondomeko. Tsopano tikukamba za tsankho, ndipo malamulo ambiri amalitenga tsankho ngati mlandu wolemera kuposa kungolakwitsa ndondomeko. Meseji yomwe munawauza za mimbayo ndi ya mtengo wapatali kuposa china chilichonse chomwe muli nacho, chifukwa chodzitetezera choyamba cha olemba ntchito chimakhala chakuti "ife sitinkadziwa". Tsiku lomwe munawauza lili apo, tsiku lomwe anakuchotsani lili apo, pakati pake masabata awiri, ndipo kwa zaka 6 palibe kalata ya chenjezo ngakhale imodzi. Ndi choncho eti, simunalandirepo chenjezo?

Nachisale
Ngakhale limodzi amayi.

Wophunzira Malamulo
Agogo andikhululukire, ndibwerezanso ulaliki pang'ono chifukwa apa m'pofunika. Pangano la ILO nambala 183 la mu 2000 loteteza amayi pa uchembere limaletsa kuchotsa mayi ali woyembekezera kapena ali pa tchuthi cha uchembere, pokhapokha pa chifukwa chosakhudzana ndi mimbayo, ndipo limati udindo wotsimikiza kuti chifukwacho n'china uli pa bwana, osati pa mayi. Limanenanso za tchuthi chosachepera masabata 14. Pangano la United Nations lothetsa tsankho kwa amayi, CEDAW, la mu 1979, pa ndime 11 limauza mayiko kuti aletse kuchotsa amayi ntchito chifukwa cha mimba. Ku South Africa lamulo la mu 1995 limati kuchotsa munthu chifukwa cha mimba n'kosalungama kuchokera pachiyambi pomwe, ndipo chipukuta misozi chikhoza kufika malipiro a miyezi 24, pomwe pa kuchotsedwa kosalungama kwa wamba malire ndi miyezi 12.

Mlonda Wopuma
Zimenezo ndazimva, ndipo za mimbazi zandikwiyitsa nane. Koma funso langa likadali pomwepo. Mayiyu ali ndi pakati, akufunika kudya bwino lero, osati chaka cha mkuja. Muziti akayende m'makhoti ndi mimba?

Nangozo
Funso lanu ndi lenileni agogo, ndipo ambiri amene amalimbikitsa anthu kuti "kasumeni" sakhalapo pomwe munthu akugona ndi njala. Koma njira si ziwiri zokha, kusaina kapena khoti. Pakati pali makwerero.

Loyamba ndi kalata. Nachisale alembe kalata yaifupi, yaulemu, yokhala ndi deti: kuti walandira uthenga womuchotsa tsiku lakuti, kuti iye sanasiye ntchito, kuti akupempha chifukwa cholembedwa, komanso malipiro a masiku omwe wagwira. Asunge kope la kalatayo, ndipo wolandira asainire. Akakana kusainira, aitumize pa imelo kapena pa meseji kuti pakhale chizindikiro. Mabwana ena akangoona kuti munthu akudziwa kulemba zinthu amafewa okha.

Lachiwiri ndi mkhalapakati. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi ofesi ya boma yoona za ntchito kapena bungwe loyanjanitsa, ndipo kawirikawiri kukadandaula kumeneko sikufuna loya. Mkhalapakati saweruza. Amakhazika mbali ziwiri pansi, nthawi zina m'zipinda zosiyana, n'kumauza aliyense zoona zomwe sakufuna kumva: bwana kuti "mukapita kukhoti ndi meseji iyi mukagwa", wantchito kuti "zimene mukufunazi zachuluka, ndipo khoti litenga nthawi". Mukagwirizana mumalemba n'kusainirana, ndipo nkhani ikhoza kutha pa tsiku limodzi kapena masabata ochepa. Mukalephera, palibe chataika, mumapita patsogolo. Mayiko ena anachita kukhazikitsa kuti khwerero ili lisadumphidwe. Ku Britain kuyambira mu 2014 munthu amayenera kudziwitsa bungwe loyanjanitsa la Acas asanakasume ku khoti la zantchito. Ku South Africa nkhani imayambira pa kuyanjanitsa ku CCMA, bungwe loona za mikangano ya pantchito.

Lachitatu ndi pomwe wina amamva mbali zonse n'kugamula, kaya ndi woweruza wapadera amene mbali ziwiri kapena lamulo lamusankha, kaya ndi khoti. Apa chigamulo chimamanga, ufune usafune. M'pomwe pamachedwa, ndipo m'pomwe agogo anathera nsapato.

Chimene ndaona ine n'chakuti mphamvu ya munthu pa khwerero lachiwiri imachokera pa kuthekera kwake kofika pa lachitatu. Ukasaina kuti wasiya wekha ndipo sudzafunanso kanthu, wataya chida chokhacho chomwe chikanachititsa bwana kukhala pansi.

Bwana Wamng'ono
Izi n'zoona. Ine mnyamata uja ndinamulipira kwa mkhalapakati, sitinafike kukhoti. Nditawerengera masiku omwe ndikanatseka bizinesi n'kumakakhala pa benchi, ndinaona kuti bola kumaliza.

Wa Yuniyoni
Ine vuto langa ndi kuyanjanitsaku n'lakuti nthawi zambiri wosauka ndi amene amagonja. Bwana amabwera atakhuta, wantchito ali ndi ngongole, ndiye "kugwirizana" kwake kumakhala kulandira theka la zomwe lamulo likanamupatsa. Komanso zimathera m'chipinda, palibe amene amamva, mawa bwana yemweyo achotsanso mayi wina. Chigamulo cha khoti chimakhala poyera ndipo chimateteza ena obwera m'mbuyo. Maufulu onse omwe tikuwatchula apawa sanabwere chifukwa anthu ankagwirizana mwakachetechete. Maola 8 pa tsiku anthu anachita kuwamenyera, mpaka pangano loyamba la ILO mu 1919 linali la maola a ntchito omwewo.

Nangozo
Simukunama achimwene, ndipo ndinaonapo anthu akulandira zochepa chifukwa cha njala, ine ndili pompo, mtima ukundiwawa. Koma amene asenze mtolowo ndi Nachisale, si inu kapena ine. Sitingamusandutse nsembe ya amayi onse iye asanafune. Chomwe tingachite n'kuonetsetsa kuti akalowa m'chipindamo akudziwa mtengo weniweni wa mlandu wake. Awerengere: malipiro otsala, masiku a tchuthi omwe sanapite, malipiro a m'malo mwa notisi, ndalama za zaka zomwe wagwira ngati lamulo la kwawo limapereka, za penshoni ngati ankadulidwa, ndiyeno chipukuta misozi pamwamba. Akayika zonsezi papepala adzaona yekha kuti mwezi umodzi womwe akumunyengerera nawowo ndi nyenyeswa.

Kalaliki wa ku Khoti
Ndakhala ndikungowerenga, koma pali chinthu chimodzi chomwe palibe wachitchula ndipo ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri pa tebulo langa. Timakonda kunena kuti mlandu suola. Pa nkhani za ntchito mlandu umaola, ndipo umaola msanga. Malamulo amaika nthawi yoti munthu akhale atadandaula. Ku South Africa ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lochotsedwa. Kwina ndi miyezi ingapo. Mabwana ochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amangoti "bwerani sabata ya mawa", "akuluakulu sanabwere", "tikuonani", mpaka nthawi kudutsa. Ukabwera mochedwa umayamba kupempha kaye kuti akukhululukire kuchedwako, ndipo si nthawi zonse amalola. Achemwali, mawa lomwe kafunseni ku ofesi ya zantchito kuti malire ndi masiku angati, ndipo lembetsani dandaulo lanu ngakhale mukukambiranabe ndi abwana. Kulembetsa sikuletsa kugwirizana.

Make Awiri
Ine ndi zomwe zinandichitikira. Nditazindikira kuti anandipusitsa n'kuti mwana akukwawa. Nanga kwa ife amene tinasaina kale, zinatheratu?

Kalaliki wa ku Khoti
Osati nthawi zonse amayi. Makhoti ambiri amavomereza kuti munthu akakakamizidwa kusiya, kapena bwana akachititsa kuti pantchito pasakhalike mpaka munthu kuthawa yekha, kumeneko n'kuchotsedwa ndithu. Maloya amati constructive dismissal. Koma mtolo wa umboni umakhala pa iwe, uonetse kuti siginecha yakoyo sinali ya mtima wako, ndipo si chapafupi. Ku Britain anaika lamulo loti mgwirizano womwe wantchito akutaya ufulu wake wokasuma kawirikawiri sugwira ntchito pokhapokha atalandira uphungu kwa munthu woima payekha, monga loya kapena wa yuniyoni wovomerezeka. Si kulikonse kuli chitetezo chotere. Kwa inu, poti papita zaka, mwina nthawi ndi imene ingakutsekereni, koma kufunsa sikulipiritsa.

Nachisale
Mwanditsegula maso abale. Funso lina: akandiitana kuti tikambirane, ndijambule mawu mobisa?

Wophunzira Malamulo
Samalani pamenepo. Mayiko ena amalola kujambula zokambirana zomwe iwe uli nawo, ena amafuna kuti onse avomereze. Chotetezeka n'kupita ndi mboni, ndipo mukangotuluka mulembe meseji kwa abwana yonena kuti "monga takambirana lero, mwanena zakutizakuti". Akapanda kutsutsa, meseji imeneyo imayankhula yokha.

Wa Yuniyoni
Ndipo musapite nokha. Ngati pali yuniyoni ya ntchito ngati yanu, agogodereni ngakhale simunali membala, ena amathandiza. Apo ayi mabungwe oona za ufulu wa anthu, a maloya achizimayi, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, kapena ophunzira zamalamulo ku yunivesite omwe amathandiza anthu kwaulere. Nkhani ya tsankho pa mimba ndi imene mabungwe otere amaithamangira.

Mlonda Wopuma
Chabwino, ndagonja pa za kusainazo. Musasaine mwana wanga. Koma mawu anga amodzi musawataye: mukagwirizana kwa mkhalapakatiyo, ndalama zikhale za pompo kapena tsiku lake lilembedwe, ndipo dzina la kampani likhale lenileni lomwe analembetsa ku boma, osati la pachikwangwani. Ine ndinasumira dzina la pachikwangwani.

Kalaliki wa ku Khoti
Apa agogo anena mfundo ya golide. Kupambana ndi kulandira ndi zinthu ziwiri. Funsaninso ngati mgwirizanowo ungasandutsidwe chilamulo cha khoti, kuti akazemba kulipira musayambirenso pachiyambi.

Bwana Wamng'ono
Mupemphenso kalata yosonyeza zaka zomwe mwagwira ndi ntchito yomwe munkachita. Pokambirana anthu amaiwala, amangoona ndalama, koma kalata imeneyo ndi imene mudzafunire ntchito ina mwana akakula pang'ono.

Nachisale
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Kalata ija ndinalemba usiku womwewo mothandizidwa ndi mlamu wanga. Akalaliki anakana kusainira, ndiye ndinaijambula n'kuitumiza pa WhatsApp ya abwana, ndipo yaonetsa kuti awerenga. Lero m'mawa ndinapita ku ofesi ya zantchito, andilembera dandaulo ndipo atipatsa tsiku lokumana sabata ya mawa Lachinayi. Chodabwitsa, masana ano abwana aimba okha, mawu ofewa, akuti malipiro a mwezi uno ndikatenge mawa popanda kusaina pepala lija, komanso akuti "bwanji tingomaliza mwachibale, za ku ofesizo musiye". Ndawauza kuti malipirowo ndikatenga, koma zinazo tikakambirana Lachinayi.

Make Awiri
Mwachibale lero? Lachisanu chibalecho chinali kuti?

Nangozo
Mwachita bwino. Mawa mukakalandira, werengani chilichonse chomwe akupatseni kuti musaine, ngakhale chioneke ngati lisiti wamba. Ngati pali mawu onena kuti izi ndi zomaliza, lembani ndi dzanja lanu pamwamba pa siginecha kuti mwalandira malipiro a mwezi wakuti okha, ndipo mujambule musanabweze. Lachinayi mutenge foni itadzaza moto, mameseji awiri aja muwasindikize papepala, ndi kabuku ka ku sikelo.

Nachisale
Ndamva amayi. Mlamu wanga akuti andiperekeza. Kodi amalola kulowa naye m'chipinda chokambiranacho, kapena azikadikira panja?

Kalaliki wa ku Khoti
Zimatengera ofesi yake. Kwina amalola wa yuniyoni kapena mnzako wa kuntchito yekha, kwina salola ngakhale loya pa khwerero limeneli. Imbani mawa mufunse, kuti ngati mlamuyo sangalowe mupeze wina amene angalowe nanu.